Akukoka Mnzake Ndani?

A Thwaite atamwalira mu Novembala
ana awo anagawana mawotchi, mipando, makapu a maluwamaluwa.
Galu yekha anatsala pakhomo
akununkhiza nsapato zopanda mwini.
Ine ndinali wantchito chabe,
wowasambitsa ndi kuwawerengera mapiritsi zaka zitatu.
Mwana wawo wamkazi anandipatsira chingwe
ngati akundipatsa ambulera yoiwalika.
"Amakudziwani," anatero. "Sabata imodzi yokha."
Chino n'chaka chachiwiri.

Kwathu ku Balaka galu amagona paphulusa,
amadya makombo, dzina lake ndi mwambi wolasa aneba:
Adzatopa, Ndalekerera.
Uyu ndi Pickle.
Ali ndi jekete, ali ndi dokotala wakewake,
ali ndi inshuwalansi yoposa yanga.
Mchemwali wanga Nasibeko anaseka pafoni mpaka kutsamwa:
"Unakwerera ndege kukatola manyi a galu m'kajumbo?"
Ndinaseka naye.
Kajumboko kanali m'thumba la malaya anga.

Galuyu asanabwere
Huddersfield ndinkangomuonera pazenera la basi.
Ntchito ya usiku, tulo ta masana makatani ali chitsekere,
tchipisi cha m'pepala, tiyi wa masipuni anayi a shuga.
Namwino anandimanga mkono, kansalu kanafufuma,
anayang'ana nambala, anandiyang'ana ine,
n'kubwereranso ku nambala.
"Magazi akuthamanga kwambiri. Mumayendako?"
Ndinati eya,
kuchoka pabedi kukafika pa ketulo.

Tsopano sikisi koloko, kudakali mdima wa ndiwe yani,
mphuno yozizira imandigunda pachigongono.
Pickle sadziwa kuti kunja kukuwaza kamvula kosakata kaja,
sadziwa kuti msana ukundiwawa,
kuti a zolowa ndi kutuluka sanayankhebe kalata yanga.
Amadziwa chingwe basi, ndi chitseko.
Timatsetsereka m'mbali mwa ngalande,
mabwato opapatiza ali m'tulo, kautsi kali tolo,
abakha akutilalatira.
Iye amawerenga mtengo uliwonse ngati nyuzipepala,
ine wefuwefu pambuyo,
osadziwa kuti akukoka mnzake ndani.

Anthu akuno sapatsa moni munthu wamba
koma galu amamulonjera.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali chithunzithunzi mumsewu uno.
Lero mayi Iqbal a pa nambala 14 amatisungira mafupa,
mkulu wa ndodo uja, Desmond, amafunsa za bondo langa
ngakhale dzina langa amalipotokola.
La galu amalitchula bwinobwino.
Ndi poyambira pomwepo.

Ndisaname, masiku ena amawawa.
Anatafuna waya wa tchaja,
anasanzira kapeti ya eni nyumba,
dzino lake limodzi linameza ndalama
zomwe ndikanatumiza kumudzi za feteleza.
Usiku umenewo ndinamutukwana m'Chichewa chenicheni,
iye n'kumagwedeza mchira ngati ndamuyamikira.

Koma tsiku lomwe unafika uthenga wa maliro a malume,
tikiti ya ndege ili kutali ngati mwezi,
ndinakhala pansi m'khitchini, msana pa filiji.
Anabwera osaitanidwa
n'kutsamiritsa chibwano paphazi langa.
Sanati pepani.
Sanati limbani mtima, zimachitika.
Anangokhala, monga akhalira anthu pasiwa,
mpaka kunja kunayera.

Lachiwiri lapitali namwino anamanganso mkono.
Anamwetulira, nati mankhwala akugwira ntchito.
Sindinatsutse.
Pa lamba wanga ndabowolapo kabowo kena.
Mankhwalawo ndinali nditawasiya panja,
omangirira pachitsulo choimikapo njinga,
akuuwa nkhunda za pamalo oimika magalimoto,
akudikira kuti tibwerere kunyumba wapansi,
njira yaitali ija, yodzera kumlatho.