Sikuluwu Zinayi

Febuluwale ku Douarnenez.
Bwato la matanga lili kumtunda, pa zitsulo,
ngati wodwala amene amukweza pa bedi.
Mvula ya kuno siigwa, imangoyandama
n'kukulowa m'khosi mwa jekete.

Popondera pake, pomwe wogwira tsigiro amaima,
panayamba kupuma.
Ukaponda pamatsika, ukachotsa phazi pamakwera
ndi kamawu, fwii,
ndipo mng'alu woonda ngati tsitsi
umalavula madzi ofiirira, onunkha nsapato yakale.

Goulven, mmisiri wa pano, anandipatsa kanyundo.
Gogoda, Soazig, anatero, ndipo umvere.
M'mbali: ngwe, ngwe, ngwe.
Pakati: bu.
Bu.
Ndinazunguliza pensulo paliponse poyankha bu,
mzere n'kukula mpaka kukhudza mabenchi onse awiri.
Iye anangokanda ndevu, n'kubwerera ku khofi wake.

Galayinda inalira tsiku lathunthu.
Fumbi la faibagalasi mbuu, m'nsidze, m'makutu,
usiku likundiyabwa m'zigongono ngati chitedze.
Nditatukula chikopa chapamwamba
ndinapeza kuti thabwa lam'kati si thabwanso:
phala lakuda, lozizira,
loti n'kutapa ndi supuni.
Ndinalitapadi ndi supuni. Zidebe zitatu.

Ndinalondola kuwolako komwe kukudera kwambiri,
monga ulondola nyerere kuti upeze kwawo,
mpaka pa mabowo anayi.

Sikuluwu zinayi.
Za kathabwa kamene bambo anamangirira pansi
ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi,
miyendo isanafike ku benchi la kutsidya,
kuti bwato likapendekeka ndipeze poponda
ndisatsetserekere m'nyanja.
Anaboola, anamanga, sanamatepo kanthu.
Anali ndi changu. Mphepo inali bwino tsiku limenelo.

Zaka makumi atatu, dontho, dontho,
madzi akulowera pamenepo,
ife tikuseka pamwamba pake,
tikudya buledi ndi nsomba za m'chitini.
Madzi saiwala khwawa.

Ndinakhala pa benchi, masiki ali pachibwano.
Ndinafuna kuwaimbira foni ndiwakalipire.
Nambala ndikuikumbukabe.

Kenako ntchito basi.
Sabata ziwiri hita ikung'ung'udza pansi pa tenti
mpaka pansipo patauma gwa.
Kupala m'mphepete motsetsereka
kuti chatsopano chipeze pogwira chakale.
Kudula siponji yolimba, yosadziwa kuwola,
kuyesa, kusenga, kuyesanso, kutukwana.
Epokisi sadikira munthu:
ukamutakasa amatentha m'kapu,
ukachedwa ndi maganizo akuumira m'manja.
Kapu yoyamba ndinaitaya ili mwala, kamtengo kali chilili pakati.

Yachiwiri ndinapaka, ndinayala, ndinatsendereza
ndi mabatire awiri, nangula, zigubu za madzi,
ndi mwala umene ndinaba pa khoma la doko.

Nsalu ya galasi imabwera yoyera ngati ya ukwati,
ikamwa ulimbo imasowa, umaona zonse za pansi pake.
Yoyamba. Yachiwiri mopingasa. Yachitatu.
Kuthamangitsa tithovu ta mpweya kumka nato m'mphepete,
kamodzi kamodzi, mawondo akudandaula.

M'mawa Goulven anadinapo chikhadabo.
Sichinasiye chizindikiro.
Anati, Iwe, si zoipa ayi,
ndipo kwa iyeyo mawu amenewa ndi nyimbo.

Sandipepa. Sandipepa. Penti wothira mchenga.
Ndinavula nsapato n'kuimapo.
Ndinadumpha.
Pansi sipanayankhe kanthu.

Kathabwa kaja kali pa tebulo kunyumba,
kali ndi dzenje losalala la chidendene changa.
Maïwenn, mwana wa mchimwene wanga,
akwanitsa zisanu ndi zitatu mu Meyi,
ndipo miyendo yake siifika kutsidya.

Choncho lero ndaboola pansi panga patsopano.
Mabowo anayi, aakulu kuposa sikuluwu.
Ndawadzaza ulimbo mpaka pakamwa.
Mawa akauma ndidzaboolanso pakati pake,
mabowo ang'ono m'kati mwa aakulu,
malo omwewo amene munasankha, bambo.

Mphepo ili bwino lero.
Idikire.