Mphindi Ziwiri ku Kachebere

Ndinali mnyamata wotsuka mbale pa mishoni,
chaka chimene chiswe chinagwetsa denga la khitchini.
Bambo Lishauti, wansembe wa ku Holandi,
wamtali ngati mzati wa chigafa,
ankadya msuzi wawo mofulumira masiku onse
kupatula tsiku lachinayi la Meyi.

Usiku umenewo, mtedza uli mbwee pabwalo,
wotchi ya pakhoma itagunda eyiti,
anaika supuni pansi, naimirira.
Ine ketulo ili m'manja.
Ndinayesa malungo awabwerera.
Sanapemphere, milomo sinagwedezeke.
Nkhululu zokha kunja,
ndi galu wina kutsidya, cha ku Zambia.

Atakhala anasolola chithunzi m'buku la mapemphero:
kamnyamata ka makutu aakulu,
chisoti chachitsulo chokakulira.
"Yopu. Mng'ono wanga. Ankakonza njinga.
Nkhondo ya kwathu inali ya masiku asanu basi.
Iye inamupeza tsiku lachitatu, paphiri."

Phiri? Si munati kwanu n'kosalala ngati lichero?
Anaseka pang'ono.
"Chulu chabe. Inu mukanadzalapo maungu."
Anati ali ndi mwala woyera,
dzina, tsiku, udzu wometedwa,
ndipo ana a sukulu amakaikapo maluwa.

Ndinatula ketulo. Ndinati, nanenso.
Bambo anga, a Kapatuka,
anakwera lole ya Keyala pa Fotimaningi
ine ndili m'mimba.
Akuti ku Bama. Akuti kumagwa mvula yowoletsa nsapato.
Kunabwera mesenjala wa pa boma
ndi kalata yomwe m'mudzi monse munalibe woiwerenga.
Amalume anakwirira thunthu la nthochi
kuti amayi apeze pomwe angalire.
Kaya chinali chipolopolo, kaya kamwazi.
Chithunzi palibe.
Amati ndikafuna kuwaona ndisuzumire m'chitsime,
chipumichi n'chawo.

"Anamwalira tsiku liti?"
Dzinja, Bambo.
Koma sindidziwa ngati ndi dzinja la kuno
kapena la komweko.

Anayang'ana wotchi nthawi yaitali.
"Ndiye tigawana," anatero.
"Kwathu timakhala chete mphindi ziwiri.
Yoyamba ya Yopu. Yachiwiri tengani."

Tinaimirira chotero zaka zisanu ndi zinayi,
iwo uko kwa tebulo, ine kuno ndi nsanza yopukutira,
mpaka chifuwa chinawabweza kwawo.

Lero mawondo anga alira ngati chitseko.
Mdzukulu wanga Eneresi amandionera nthawi pa foni,
nazimitsa wailesi, osafunsanso.
Ndimagwira mpando, ndimadzuka.
Kale ndinkawerenga mumtima mpaka sikisite
kuti ndisabere mzungu mphindi yake.
Tsopano zimandisokonekera.
Ndimangoona anyamata awiri pamsewu wa ku Mkanda,
onse ang'ono kuposa Eneresi,
wina wagwada, akubwezera tcheni,
wina wagwira chishalo,
nsapato zikudontha madzi.