Kutola Si Kuba

Kadzidzi uja ndinamupeza atafa kale
pamsewu wopita ku Kearney, mbandakucha wa Lachiwiri,
chisanu chitamuumitsa ngati nsanza yoiwalika pachingwe.
Lole yonyamula chimanga ndiyo inamuwomba.
Ine ndinangoimika galimoto, n'kutsika,
ndinati mbalame yokongola chonchi
isakhale chopondera matayala tsiku lonse.
Nthenga zisanu ndi ziwiri ndinazitola m'udzu,
mwini wake ndinamukwirira m'tsinde mwa mpanda wa waya.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndaphikira ana pasukulu ya ku Gibbon,
sindinabwereko ndi supuni ngakhale imodzi m'thumba.
Delmar, mwamuna wanga, amandiseka
poti ndimaima pa loboti yofiira pakati pa usiku,
msewu uli zii.

Nthenga zija ndinazisokerera pa zipewa zitatu zaubweya,
n'kukaziyala pa tebulo la malonda a kutchalitchi,
pakati pa jamu wa Ardith ndi makandulo a mwana wa abusa.
Madola khumi ndi awiri chimodzi.
Ndalama yake inali yokonzera denga.

Kunabwera mnyamata wa yunifolomu, waulemu wake,
anachitembenuza chipewa, kusisita nthenga ndi chala.
"Mayi Kroeger, izi munazipeza kuti?"
Ndinamufotokozera zonse, monyadira,
tsiku lake, malo ake, mtengo umene ndinaimikapo galimoto.
Iye kulemba, ine kumuwonjezera zina.
Ndinamuthiriranso khofi.
Chingwe chondimangira ndinkapota ndekha, ndikumwetulira.

Lamulo lake ndi la 1918.
Amayi anga anali asanabadwe.
Linangokhala phee m'buku, ngati njoka mu mulu wa nkhuni,
zaka zonse ndinkaphika, kubereka, kuika maliro,
osatsokomolako n'kamodzi komwe kuti ndidziwe kuti lilipo.
Akuti nthenga ya mbalame yotere,
ngakhale yothothoka yokha,
sasunga, sagulitsa.
Ndinati, mwanawe, kutola si kuba.
Anati, mayi, nthenga sinena amene anapha.

Mawu amenewo ndiwo andilanda tulo,
chifukwa ndi oona.
Kalelo anthu ankapulula mbalame miyandamiyanda
kuti akazi atchene zipewa za Lamulungu,
ndipo aliyense wogwidwa akanangoti ndatola.
Msampha anatchera iwowo.
Iwo anapita, mafupa awo ndi dothi tsopano,
koma msampha uli chitcherere,
mpaka wakola nkhalamba yophika phala la ana.

Kalata ya chindapusa inafika Lolemba.
Delmar anaiwerenga kawiri, anavula magalasi,
anatuluka kukayang'ana thalakitala yosawonongeka.
Dalaivala wa lole uja palibe anamufunsa kanthu,
mwina pano ali ku Omaha, akudya nkhomaliro.
Zipewa zanga zinapita m'jumbo yolembedwa nambala.
Denga la tchalitchi likudonthabe pa benchi yachitatu,
ndipo Ardith akandiona amayamba nkhani ya nyengo.

Tsopano ndikamayenda m'nyumba mwanga ndimaponda mosamala.
Mwala umene ndinatola kumtsinje wa Platte uli pawindo,
mankhwala otsala a Delmar ali m'botolo langa lakale,
njere za maluwa zimene anandipatsa mlendo zili m'kabati.
Ndimaziyang'ana, nazo zimandiyang'ana.
Ndi buku liti, tsamba liti,
limene dzina langa lakhala likudikira?

Dzulo mdzukulu wanga Tova analowa m'khitchini wefuwefu,
kanthenga kabuluu kali m'manja.
"Agogo, taonani!"
Ndisanakaone n'komwe, maso anga anathamangira kumsewu.
Ndinati kabwezere pomwe wakatola.
Anafunsa chifukwa chake.
Ndinatsegula pakamwa, ketulo n'kuyamba kulira, ndinatseka.

Ndinamuonera pawindo.
Anakagoneka paudzu bwinobwino,
n'kukatsindira ndi kamwala kuti mphepo isakatenge,
kenako anakhala pansi chapatali, miyendo atapinda,
kudikira mwini wake.