Lilime la Womasulira

Munagwera pampopi, bambo,
mswachi uli m'kamwa,
madzi a Mulunguzi akusefukira m'ndowa ngati palibe chachitika.
Nditakuitanani munandiyankha ndi theka la nkhope.
Theka linalo linali litatsogola kale
kumene sindikudziwa.

Kagalimoto ka a Khuliwa, konyamula matimati,
kanatichotsa ku Chinamwali hutala ikulira njira yonse,
mutu wanu uli pamiyendo panga,
wolemera ngati mwala wa m'phiri.

Dokotala sanayambe ndi dzina lanu. Anayamba ndi nthawi.
Zayamba liti?
Ndinati nkhani za m'mawa zinali zisanathe pawailesi.
Anawerenga maola pazala,
anakujambulani mutu, n'kubwera akuyenda mwandawala:
magazi aundana, atseka kamtsempha,
mankhwala osungunula alipo,
nthawi nayo ilipo
koma yatsala ngati shuga wa kumapeto kwa mwezi.

Ndinasayina.
Dzanja langa, moyo wanu.

Dontho. Dontho. Dontho.
Chala chanu chakumanja chinagwedezeka
ndipo ndinaseka mokweza
mpaka wodwazika wa pabedi lina ananditembenukira.

Kenako mlomo.
Ndinkayesa munadziluma pogwa paja.
Mlomo wam'munsi, mbali yofooka yomwe ija,
unafufuma ngati mwalumidwa ndi mavu.
Kenako lilime.
Lilime lija, bambo,
la zaka makumi awiri m'khoti,
lonyamula Chiyao cha woganiziridwa kuba mbuzi
kukachitula chathunthu pamaso pa woweruza,
losenza Chilomwe cha mayi wolandidwa munda
osatayapo ngakhale msozi umodzi panjira,
lilime limenelo linakula,
linadzaza nyumba yake yomwe,
linakankha mano, n'kusuzumira kunja
ngati likufuna kutuluka osatsanzika.

Mpweya wanu unayamba kulira ngati chitseko chadzimbiri.

Namwino Asiyatu sanakuwe.
Anatseka diripi ndi chala chimodzi,
anakukhazikani tsonga, anaitana anzake ndi maso.
Jakisoni. Jakisoni wina.
Chigoba cha mpweya pamphuno.
Pathebulo anayalapo kapaipi ka pakhosi,
kakhale pafupi, anatero, mwina sikafunika.
Amamwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi?
Ndinapisa m'thumba la jekete lanu,
ndinapeza kapepala, chiphaso cha penshoni ndi switi imodzi.
Anawerenga dzina la mapiritsiwo, n'kupumira m'mwamba:
awa ndi awa akakumana, nthawi zina amatero.
Simunalakwe, mwana wanga.

Komabe wosayina ndinali ine.

Usiku umenewo ntchito yanu inagwera ine.
Mukaphethira kamodzi: eya.
Kawiri: ayi.
Katatu sitinapangane tanthauzo lake,
koma munaphethira katatu kambirimbiri
ndipo ine ndinkawauza kuti mukuthokoza.
Mwina mumatukwana.
Mwina mumaitana amayi, amene anagona ku Namadidi kalekale.
Ndinazindikira usiku womwewo
kuti pakati pa mawu a munthu ndi khutu la mnzake
pali mtsinje,
ndipo inu munkauwoloka tsiku ndi tsiku nsapato zili m'manja.

Nkhungu inatsika kuchokera ku Chawe,
inadzatsamira pazenera ngati nayonso ikudwazika.
Ndinawerenga mpweya wanu mpaka manambala anandithera.

M'bandakucha lilime linayamba kubwerera kwawo,
pang'onopang'ono,
monga amaphwera Likangala mvula ikakata,
kusiya zinyalala za mawu m'mphepete.
Kapaipi kaja kanabwerera m'kabati kosamatula.

Tsiku lachitatu munandikoka ndi dzanja lamoyolo.
Ndinawerama, kudikira mawu aakulu,
a munthu amene wasuzumira kutsidya n'kubwerako.
Anatuluka opunduka, akutsimphina, onyowa ndi malovu:

Unatseka mpopi?

Ndinati eya.

Munkati womasulira sawonjezera, sachotsera, sanama.
Pepani, bambo.
Mpopi unakhala ukulira mpaka masana,
bwalo lonse linasanduka dambo,
ndipo bilu ya madzi ili m'chikwama changa,
ndaipinda kanayi,
ndikuisunga.