Nkhuti ya Kumunsi kwa Chitete

Kumunsi kwa damu la Chitete,
kumene madzi amathawira akatopa kusungidwa,
ndidakumba nkhuti chaka cha njala ija.
Njerwa zikwi makumi awiri, adatero a Kanyinji.
Ndidavomera ndisanafunse n'komwe mtengo.

Khasu langa lidadula njedza ndi mizu yomwe,
lidang'amba nkhanu pakati.
Mlamba wina ndidaupeza utabisala m'thope,
wamoyo, ukudikira mvula monga tonsefe.
Ndidauwotcha pomwepo, wopanda mchere.
Sindidapepese. Kunyumba kudali ana atatu.

Nantchengwa ankaima pachulu
kundiyang'ana ndikuponda dothi.
Mayi ankati mbalame imeneyi sagenda.
Sindidaigende.
Ndidangogwetsa katope amene idamangapo chisa
kuti uvuni upse bwino.

Njerwazo lero ndi mpanda wa nyumba yogona alendo
pamsewu wopita ku Mzuzu.
Ndikamadutsa ndimazidziwa:
zala zanga zidatsalira m'mbali mwake.

Dzulo Mwatitha, mzime wanga,
anandikoka dzanja, akuti tikaone abakha.
Ndinapita monyinyirika.

Nkhuti ija yadzaza.
Kakombo wayala mbale zake pamadzi,
maluwa ali gaa! kuyang'ana phiri la Kasungu.
Bango, amene palibe adamubzala,
waweramira pansi ndi zisa za atchete,
ndipo phokoso lawo ngati pamsika wa kaunjika.
Mbululu zili bii m'mphepete.
Ng'azi inatimva, n'kugwera m'madzi, phava!
Pathope panali mapazi a katumbu,
amene ndidamuona komaliza ndili mnyamata wa kabudula.
Tombolombo wofiira anatera pachala cha mwanayo,
iye n'kuleka kupuma.

"Ababa, adakumba dziwe lokongolali ndani?"

Ndinayang'ana kuchulu. Panalibe kanthu.
Koma chapatali, mu mlulu,
china chake chofiirira chinkayenda pang'onopang'ono,
kuvundula matope ndi phazi.
Kaya ndi yomwe ija, kaya mdzukulu wake,
sindinayerekeze kusendera.

A Kanyinji atumanso uthenga.
Akufuna zina zikwi khumi mvula isanagwe,
ndipo fizi ya Mwatitha sinaperekedwe.

Ndinavula nsapato n'kuviika mapazi.
Msundu unandipeza pakakolo,
unakakamira, n'kuyamba kufufuma.
Mwana anakuwa: "Uchotseni!"
n'kuthamanga kukathyola kamtengo.

Ndinati, usiye,
umalize kaye.