Mkono Wamanzere

Ndinawapatsa wamanzere,
poti wamanja ndiye umadyetsa banja.
Zaka makumi atatu ndi zinayi wakhala ukusoka zitsulo ndi moto
m'mimba mwa sitima zapadoko la Gdańsk,
momwe utsi ulibe khomo lotulukira
kupatula mphuno za munthu.

Namwino Wiesława anandiwerengera fomu yonse,
masamba khumi ndi limodzi,
osadumpha mzere ngakhale ndinkayasamula.
Akuti kachilombo kachibayo kali ndi majekete
oposa makumi asanu ndi anayi.
Katemera wakale amadziwako ena,
koma kakavala lachilendo kamadutsa pageti
alonda a m'magazi akukapatsa moni.
Watsopanoyu akumuphunzitsa kuzindikira ochuluka.
Akuti. Sakulonjeza.
N'chifukwa chake akusaka mapapo ngati anga,
akuda bii ngati m'kati mwa chumuni.

Ndinafunsa: nanga mundibaya uti, wakale kapena watsopano?
Anaseka. Nayenso sadziwa.
Timabotolo tonse n'tofanana,
dzina langa lasanduka 0417,
ndipo chinsinsicho chatsekeredwa mumzinda wina
umene sindinapondeko phazi.

Singano inalowa. Basi.
Ndapsapo ndi nthethe zowawa kuposa pamenepo.

Ludomir sanafike pampando uwu.
Tinkamwera tiyi m'fulasiki imodzi,
iye ankabwera ndi buledi wakuda, ine nsomba zamchere.
Lachinayi anatsokomola, tinati ndi fodya.
Lachisanu ankanjenjemera pafupi ndi chitsulo chofiira,
tinamuseka, tinati wakalamba.
Loweruka ankapuma ngati macheka odula mtengo wauwisi.
Lolemba chipale chinagwa usiku wonse,
ndipo m'mawa mkazi wake anandibweretsera chisoti chake chowotcherera,
galasi lake lakuda lili ndi mng'alu pakona.
Sindinachivalepo.
Chili pamsomali kuseri kwa chitseko,
chimandiyang'ana ndikamamanga zingwe za nsapato.
Chaona mnzako chapita, amatero,
koma ine sindinaone chikupita.
Chinangosuntha pang'ono, n'kukhala pabenchi lomwelo.

Tsopano madzulo alionse, nthawi ya eyiti,
ndimapana kagalasi koyezera kutentha kukhwapa
n'kulemba m'kabuku kamene anandipatsa.
Tsiku loyamba: mkono walemera.
Lachiwiri: kutupa ngati dzira la nkhunda.
Bogumiła anapima ndi rula, magalasi ali pamphuno,
nati, "Ukalamba wonsewu wasanduka khoswe wa madokotala."
Ndinati khoswe samubwezera ndalama ya basi.
Sanaseke.
Usiku ndinamva dzanja lake pamsana panga
likuwerenga mpweya.
Lachitatu: palibe.
Lachinayi: palibe.
Wiesława akuti "palibe" ndi nkhaninso, ndizilemba ndithu.

Zotsatira zidzatuluka pakapita zaka zitatu, mwina zinayi.
Mwina ndidzakhala nditapuma pantchito, ndikuweta njuchi kwa mlamu wanga.
Mwina adzatsegula chinsinsi chija n'kupeza kuti ndinalandira wakale,
kuti ine ndinali mwala wapasikelo chabe,
woti ayezere katundu wa ena.
Mwinanso adzati watsopanoyu sanathandize,
ayambirenso.
Zoterezi si zachilendo kwa ine.
Ndagumulapo msoko wa tsiku lathunthu
chifukwa cha kabowo kosaoneka ndi maso.

Pashifiti yathu pabwera mnyamata, Rodel, wa ku Philippines,
zaka makumi awiri ndi zitatu,
mwana wake ali pachithunzi chomata m'kati mwa bokosi la zida.
Amakonda kutsitsa chotchinga kumphuno, akuti chimamutentha.
Ndimamukalipira m'Chipolishi chimene sakumva,
iye amangomwetulira, n'kuchikweza, ndikatembenuka n'kuchitsitsanso.
Za mkono wangawu sindinamuuze.
Ndingayambire pati?

Dzulo tinatsiriza msoko wapansi penipeni,
umene madzi adzauphimba moyo wonse wa sitimayo.
Palibe amasayina pamenepo.
Ndinaugogoda ndi hamala, unalira bwino.
Ndinakwera makwerero, ndikuima kawiri kuti ndipume,
Rodel akudikira m'munsi mwanga osandifulumizitsa.
Kunja kunali kutada kale, mphepo ya ku Baltic ikuluma makutu.
Ndinayang'ana wotchi.
Kunatsala mphindi makumi anayi kuti eyiti ikwane.