Chala cha Bambo Zdzisław

Zaka makumi awiri ndi zitatu
ndakhala pampando uno,
kauntala yachitatu, pafupi ndi chitseko
pomwe mphepo ya ku doko la Gdańsk imalowera
munthu akangotuluka.

Kale anthu ndinkawadziwira manja.
Dzanja lofunda la mayi wa ana anayi,
dzanja lonunkha fodya,
dzanja lina lonjenjemera Lolemba lokhalokha.
Ankandikhuthulira makobidi pachikhatho
akadali ndi kutentha kwa m'thumba,
ine n'kuwerenga, n'kubweza chenji,
zala n'kugundana osapepesana.

Lero amangoyandikiza foni pakamakina.
Piii.
Basi, wanyamula zake, wapita.
Ena sapisa n'komwe m'thumba,
amangopinda mkono, wotchi n'kuwalipirira.
Ndalama imadutsa ndisanaione nkhope.
Sindikudandaula ayi:
madzulo masamu amagwirizana,
zala zanga sizidanso bii,
ndipo sindikangananso ndi munthu pa kakobidi kosowa.

Koma Lachinayi lija, chipale chikugwa,
anafika bambo Zdzisław
ndi buledi wakuda, anyezi awiri,
nsomba za m'botolo, mkaka,
ndi kabichi wowawasa uja sadumpha sabata osagula.
Foni anawagulira ndi mwana wawo Dobrawa
wogwira ntchito kutali ku Bergen.
Anawaikiramo banki yonse pa Khirisimasi,
amvekere: chikwama muzisiya kunyumba, bambo,
tsiku lina mudzachitaya.

Anayandikiza.
Zii.
Foni ikuti ione kaye chala.
Anaikapo chachikulu. Yakana.
Anachipukuta pajekete. Yakana.
Anachiuzira mpweya, n'kuchinyambita pang'ono
akuganiza kuti sindikuona.
Yakanabe.

Zaka makumi anayi akuwotcherera zitsulo za sitima,
mizere ya pachala inafufutika,
chinasalala ngati kasopo kotsalira.
"Chitsulo chinandidyera dzina," anatero,
akuseka ndi pakamwa pokha.

Mzere unakafika kumafiriji.
Mnyamata wa timawaya m'makutu anausa moyo mokweza,
mayi wina akungosinthasintha mwendo,
dengu lili pansi, akulikankha ndi nsapato.

"Nanga nambala yachinsinsi?" ndinafunsa.
Anayang'ana kudenga.
"Ndi tsiku lomwe ndinakwatira Genowefa."
Anadina, kamodzikamodzi,
ngati wopalasa pa madzi oundana.
Foni inanjenjemera, n'kukana.
Anakhala chete.
"Pepani," anatero motsitsa,
"limenelo ndi tsiku lomwe anandisiya."

Palibe anausanso moyo.

Ulendo wachiwiri inatseguka.
Koma dzanja linali litayamba kugwedera,
foni ikungozungulira m'malere
ngati mbalame yosowa potera.
Sindinaganize kawiri.
Ndinawagwira pamkono,
mkono wozizira, wolemera,
mtsempha ukugunda pansi pa chala changa,
n'kuutsitsa pang'onopang'ono
mpaka galasi linayang'anizana ndi galasi.

Piii.

"Zapita?"
"Zapita, bambo."
"Zingati?"
"Zloti makumi atatu ndi imodzi."
Anaitembenuza foni, kuiona kumbuyo,
kuiyesa kulemera pachikhatho.
"Sinapepukeko," anatero.
"Kale ndalama ikamachoka inkatsanzika."

Anapempha lisiti.
Masiku ano ambiri amangopukusa mutu,
timapepala n'kudzaza m'bini mwangamu.
Iwo analipinda kanayi,
n'kupisa m'thumba lam'kati,
n'kutulutsa chikwama chachikopa,
chakale, chothetheka m'mbali,
chotupa ndi ndalama zamapepala.

Anandiona kuti ndaona.
Anaika chala chosalala chija pamlomo.
"Akaimba usiku uno andifunsa ngati ndayesa.
Ndikufuna ndikamuuze zoona."

Chitseko chinatseguka, mphepo n'kulowa.
Mnyamata uja anafika,
anayandikiza wotchi osandiyang'ana.
Piii.
Ine chikhatho changa chinali chikadazizira,
ndipo sindinafulumire kuchifunditsa.